N'chifukwa chiyani intaneti imathera pomwe tauni yathera?

Chaka ndi chaka bungwe la ITU, lomwe ndi nthambi ya United Nations yoona za matelefoni ndi mauthenga, limawerengera anthu omwe akugwiritsa ntchito intaneti padziko lonse. Mu 2024 linapeza kuti anthu pafupifupi 5.5 biliyoni anali atalowapo, pomwe 2.6 biliyoni anali adakali kunja. Mwa otsalira amenewa, 1.8 biliyoni ndi akumudzi. M'matauni anthu 83 pa 100 aliwonse amagwiritsa ntchito intaneti. Kumidzi ndi 48 okha, osakwana ndi theka lomwe.

Ambiri akaona ziwerengerozi amangoti tidikire, zinthu zatsopano zimayambira m'tauni kenako n'kumafalikira pang'onopang'ono mpaka zitafika kulikonse. Ine maganizo amenewa sindigwirizana nawo. Pali malo pomwe kampani imaima dala, itawerengetsa bwinobwino n'kuona kuti kupitirira apo ndi kutaya ndalama, ndipo malire amenewo sasuntha okha ngakhale patadutsa zaka makumi awiri. N'chifukwa chake vutoli lilipo ngakhale m'mayiko olemera. Mlimi wa nkhosa kumapiri a kumpoto kwa England, banja la pa kachilumba ka m'nyanja ya Pacific ndi mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi ku India amasiyana pa zambiri, koma chomwe chimawatsekera kunja ndi masamu amodzimodzi.

Ndalama zotuluka zimatsata mtunda, zolowa zimatsata anthu

Nsanja imodzi ya mafoni imafuna malo, zitsulo, makina otumiza ndi kulandira mafunde, magetsi osaduka usana ndi usiku, mlonda, msewu woti amisiri azidutsamo pokakonza, komanso njira yoilumikizira ku netiweki yaikulu. Zonsezi ziyenera kulipiridwa, kaya nsanjayo ikutumikira anthu ambiri kapena ochepa. Tiyerekeze nsanja ziwiri zomwe zadya ndalama zofanana, ina pakati pa tauni pomwe ikufikira anthu 20,000, ina kumudzi pomwe ikufikira anthu 400. Kuti yakumudziyo ibweze ndalama ngati inzake, munthu aliyense kumeneko ayenera kulipira kuwirikiza ka 50. Chonsecho wakumudziyo nthawi zambiri ndiye wopeza zochepa, ndipo ndalama zake zimabwera mwa nyengo, akakolola n'kugulitsa.

Komanso nsanja ziwirizo sizidya ndalama zofanana n'komwe. Yodula ndi yakumudzi. Ku Africa kokha, kumunsi kwa chipululu cha Sahara, anthu pafupifupi 600 miliyoni alibe magetsi, ndipo komwe kulibe magetsi nsanja imayendera jenereta. Mafuta a dizilo ayenera kunyamulidwa pa galimoto kukafika kumeneko, ngakhale msewu utaduka ndi mvula. Mabatire amabedwa, mafutanso amabedwa. Magetsi a dzuwa athandiza kwambiri kutsitsa mtengowu m'zaka zaposachedwa, koma sanauthetse, chifukwa mabatire osungira mphamvu amatha ndipo amafunika kusinthidwa. Makina akaonongeka m'tauni, mmisiri amafika tsiku lomwelo. Kumudzi angathe masiku asanafike, ndipo masiku onsewo kampani sikupeza kalikonse pa nsanjayo pomwe anthu ali chete opanda netiweki.

Nthambo za faiba nazo n'chimodzimodzi. Faiba ndi kaulusi ka galasi kopyapyala kwambiri komwe kamanyamula uthenga kudzera m'kuwala, ndipo payokha siyodula kwenikweni. Ndalama zambiri zimathera pa kukumba ngalande, kudzala mitengo yokolekapo nthambo ndi kupempha chilolezo chodutsa m'malo a eni. Ngalande ya kilomita imodzi m'tauni ikhoza kudutsa nyumba mazana angapo, pomwe kumafamu kilomita yomweyo ikhoza kukafika pa khomo limodzi lokha.

Pali chinanso chomwe anthu ambiri sachiona chifukwa sichioneka ndi maso, ndicho mafunde a wailesi omwe foni imalankhulirana ndi nsanja. Mafunde amenewa ndi chuma cha dziko, ndipo boma ndi lomwe limawagawa kwa makampani, kawirikawiri powagulitsa kwa yemwe watchula mtengo wokwera. Si onse omwe amagwira ntchito mofanana. Mafunde otsika, monga a 700 ndi 800 MHz (MHz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mafunde, ndipo 1,000 MHz ndi 1 GHz), amayenda mtunda wautali ndipo amalowa m'nyumba ndi m'nkhalango mosavuta, kotero nsanja imodzi imakuta dera lalikulu. Okwera, monga a 3.5 GHz omwe 5G imadalira kwambiri, amanyamula uthenga wochuluka koma safika patali. Kumudzi kumafunika otsikawo. Mayiko ambiri anapeza mpata wa mafunde amenewa pomwe wailesi ya kanema inasiya njira yakale n'kuyamba kuulutsa mwa dijito.

Vuto limabwera pa kagawidwe. Kampani ikagula chiphaso cha mafunde cha dziko lonse pa mtengo wokwera, imathamangira kukabweza ndalama zake komwe kuli anthu ambiri. Kumudzi mafundewo amangokhala osagwiritsidwa ntchito, koma wina aliyense saloledwa kuwakhudza chifukwa mwini wake alipo. Zimenezi sizichitika mwangozi ayi, ndi zotsatira za malamulo omwe anthu analemba, ndipo akhoza kulembedwa mwina. Dziko la Germany litagulitsa mafunde a 800 MHz mu 2010, linaika lamulo loti makampani ayambe kaye kufikira madera omwe analibe intaneti yothamanga, kuyambira timatauni ta anthu osakwana 5,000, asanaloledwe kuwagwiritsa ntchito m'mizinda ikuluikulu. Kampani yofuna kudya za mumzinda inayenera kuthamanga kumaliza za kumudzi.

Timizere ta netiweki tadzaza koma tsamba silikutseguka

Aliyense yemwe anagwiritsapo ntchito foni kutali ndi tauni amazidziwa izi. Timizere tija timangosonyeza kuti foni ikumvana bwino ndi nsanja. Satiuza kanthu za njira yochoka pa nsanja kupita kutsogolo. M'mizinda nsanja zambiri zimalumikizidwa ndi faiba. Kumidzi zambiri zimapatsirana uthenga mumlengalenga, nsanja ndi nsanja, kudzera m'timbale tomwe timayang'anizana, mpaka kukafika pomwe pali faiba. Zili ngati mudzi wonse ukutunga madzi pa paipi imodzi yopyapyala: m'mawa kwambiri madzi amatuluka bwino, koma madzulo onse akatsegula mipope, aliyense amangopeza timadontho. Ndipo nsanja imodzi yapakati ikazima, zonse za kutsogolo kwake zimazima nayo.

Kudalira njira imodzi kotereku kumavutitsanso mayiko athunthu akakhala ang'ono. Mu Januwale 2022 phiri la Hunga Tonga-Hunga Ha'apai litaphulika, nthambo yokhayo ya pansi pa nyanja yolumikiza dziko la Tonga ndi Fiji, m'nyanja ya Pacific, inaduka. Anthu pafupifupi 100,000 a dzikolo anatha masabata asanu nthamboyo isanakonzedwe, ndipo yopita ku zilumba zakutali inatenga nthawi yoposa chaka. Mzinda waukulu umakhala ndi nthambo zingapo, ina ikaduka uthenga umadzera kwina. Malo a anthu ochepa sangakwanitse kulipirira nthambo yachiwiri yongodikira tsiku la tsoka.

Kugombe la kum'mawa kwa Africa nthambo zoyamba za pansi pa nyanja zinafika mu 2009, za SEACOM ndi TEAMS, kenako EASSy mu 2010. Mtengo wa intaneti unatsika kwambiri m'mizinda ya kugombe ndi m'malikulu a mayiko. Koma nthambo ikatera pa gombe, ulendo wake wovuta ndiye wangoyamba kumene. Dziko lopanda nyanja liyenera kulipira anzake oyandikana nawo kuti uthenga wake udutse, ndipo ukafika ku likulu, pamatsalabe makilomita mazanamazana kuti ukafike ku maboma ang'onoang'ono.

Netiweki ilipo, koma anthu sakuigwiritsa ntchito

Apa ndi pomwe nkhani imakhotera kumene ambiri sayembekezera. Bungwe la GSMA, lomwe limaimira makampani a mafoni padziko lonse, linanena mu lipoti lake la 2024 kuti anthu omwe amakhala kumalo kopanda netiweki ya intaneti ya pafoni ndi pafupifupi 4 pa 100 aliwonse, kapena kuti anthu 350 miliyoni. Koma omwe amakhala komwe netiweki ilipo n'kumalephera kuigwiritsa ntchito ndi 39 pa 100, anthu oposa 3 biliyoni. Tingati pa munthu mmodzi yemwe netiweki siinamufike, pali ena pafupifupi asanu ndi anayi omwe mafunde akuwadutsa pamutu tsiku ndi tsiku koma osapindula nawo.

Chopinga choyamba ndi foni yeniyeniyo. Foni ya mabatani imakwana kuimba, kulemba uthenga waufupi ndi kutumiza ndalama, ndipo batire lake limakhala masiku angapo. Foni yamakono ndi yodula, ndipo kwa banja losauka ikhoza kudya ndalama zonse za mwezi kapena kuposerapo. Imafunanso kutchajidwa tsiku lililonse, zomwe kumalo kopanda magetsi zimatanthauza ulendo ndi kulipira. M'mayiko ambiri misonkho ya pa mafoni olowa m'dziko imakwezanso mtengowu, boma lomwelo likulengeza mbali inayi kuti likufuna aliyense akhale pa intaneti.

Kenako pali mabandulo. Bungwe la Broadband Commission, lomwe linakhazikitsidwa ndi ITU pamodzi ndi UNESCO, linaika muyeso woti intaneti yoyambira isamadye ndalama zoposa 2 pa 100 iliyonse ya zomwe munthu amapeza pa mwezi, potengera chuma cha dziko chikagawidwa mofanana kwa onse. Muyesowu ndi wothandiza poyerekeza mayiko, koma uli ndi chilema. Chuma sichigawidwa mofanana. Dziko likhoza kuukwanitsa pa pepala pomwe wolima kamunda kakang'ono akufunika kupereka gawo lalikulu la zomwe amapeza kuti agule bandulo yomweyo. Onjezeraniponso kuti wosauka amagula timabandulo ta tsiku limodzi, tomwe tikawerengedwa pa megabayiti iliyonse kawirikawiri timakhala todula kuposa bandulo yaikulu ya mwezi yomwe wolemera amagula kamodzi. Wokhala ndi zochepa ndiye amalipira zambiri pa chinthu chomwecho.

Zina ndi za luso ndi chilankhulo. Munthu wovutika kuwerenga sangayende bwino pa intaneti yodzaza ndi zolemba, ndipo wodziwa kuwerenga chilankhulo chake chokha amapeza kuti zambiri zothandiza zili m'zilankhulo zochepa za mayiko akuluakulu. Ena amaopa akuba a pa foni, ndipo manthawo ali ndi maziko. M'mabanja ambiri foni yamakono ndi imodzi, ndipo imakhala m'thumba la bambo. Kafukufuku wa GSMA wakhala akupeza chaka ndi chaka kuti m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati, amayi ogwiritsa ntchito intaneti ya pafoni ndi ochepa poyerekeza ndi abambo, ndipo kusiyanaku n'kwakukulu ku South Asia ndi ku Africa kumunsi kwa Sahara.

Zopinga zimenezi zimabwereranso ku masamu aja. Kampani ikamanga nsanja ya 4G kumudzi n'kupeza kuti anthu ambiri kumeneko ali ndi mafoni a mabatani, imaona kuti yataya ndalama, ndipo mudzi wotsatira siumangiranso. Nawo anthu a mudzi wotsatirawo sagula mafoni amakono chifukwa netiweki yake kulibe. Aliyense akudikira mnzake.

Owerengera amabisa zambiri

Ziwerengero zomwe ndayamba nazo zija nazonso n'zofunika kuzigwira mosamala. Kwa ITU, wogwiritsa ntchito intaneti ndi munthu yemwe walowapo m'miyezi itatu yapitayo. Yemwe anabwereka foni ya mnzake kamodzi kuti aone zotsatira za mayeso amawerengedwa pamodzi ndi yemwe ali ndi faiba m'nyumba n'kumagwirira ntchito pa kompyuta tsiku lonse. Choncho kusiyana kwenikweni pakati pa tauni ndi mudzi n'kwakukulu kuposa 83 ndi 48.

Mapu osonyeza komwe netiweki ikufika nawo amachokera kawirikawiri kwa makampani eniake, ndipo amajambulidwa pa kompyuta, osati poyenda ndi foni m'manja kukayesa kuseri kwa phiri. Chitsanzo chodziwika bwino n'cha ku United States. Kwa zaka zambiri bungwe la FCC, loyang'anira za mauthenga m'dzikolo, linkawerengera dera lonse la kalembera ngati lofikiridwa ndi intaneti yothamanga ngakhale kampani itanena kuti ikhoza kufikira nyumba imodzi yokha m'deralo. M'tauni madera a kalemberawa ndi aang'ono, kotero cholakwikacho sichinali chachikulu. Kumidzi dera limodzi likhoza kukhala lalikulu zedi, ndipo mabanja ambiri opanda intaneti ankaoneka pa mapu ngati ali nayo, n'kumanidwa thandizo la boma pa chifukwa chimenecho. Mapu atsopano, oonetsa nyumba iliyonse payokha, anatuluka mu Novembala 2022.

Ngakhale liwiro lomwe limatchedwa lokwanira limasintha. Mu 2015 FCC inati intaneti yothamanga iyambire pa 25 Mbps (muyeso wa liwiro la intaneti) pokopera zinthu ndi 3 Mbps potumiza. Mu Malichi 2024 inakweza kufika pa 100 ndi 20. Izi n'zomveka, chifukwa masamba ndi mapulogalamu akunenepa chaka ndi chaka, ndipo amapangidwa ndi anthu okhala m'mizinda yomwe intaneti yake siidodoma. Mudzi womwe unafikiridwa zaka khumi zapitazo ukhoza kupezeka kuti watsaliranso lero popanda chilichonse chomwe chaonongeka.

Zomwe maboma ayesa

Vuto lotereli dziko linaliona kale pa nkhani ya magetsi. Chapakati pa zaka za m'ma 1930, ku United States nyumba pafupifupi 9 pa 10 zilizonse za m'tauni zinali ndi magetsi, pomwe mafamu anali pafupifupi 1 pa 10. Makampani a magetsi ankanena zomwe makampani a mafoni akunena lero, kuti kumafamu kulibe phindu. Mu 1935 boma la Franklin Roosevelt linakhazikitsa nthambi yoona za magetsi a kumidzi, ndipo lamulo la 1936 linatsegula njira yoti alimi akapanga makopaletivu azilandira ngongole za chiwongoladzanja chotsika n'kudzikokera okha nthambo. Pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1950, mafamu pafupifupi 9 pa 10 anali ndi magetsi. Ena mwa makopaletivu omwewo ndi omwe lero akukoleka faiba pa mitengo yawo ya magetsi.

Pa intaneti, njira yomwe mayiko ambiri anasankha ndi thumba lapadera: makampani a mafoni amapereka kagawo ka ndalama zomwe apeza, ndipo ndalamazo zimayenera kulipirira netiweki m'madera opanda phindu. Ganizo lake ndi labwino. Kayendetsedwe kake ndi komwe kamakhumudwitsa. Kafukufuku wa 2018 wa bungwe la Web Foundation ndi anzake anayerekeza kuti m'matumba otere a mayiko a mu Africa munali madola oposa 400 miliyoni omwe anasonkhanitsidwa koma osagwiritsidwa ntchito. Kwina ndalamazo zimagula makompyuta a sukulu popanda kuganizira yemwe adzalipire magetsi ndi intaneti chaka chamawa, ndipo posakhalitsa chipinda chimatsekedwa, makinawo ali pa fumbi.

Kuchuluka kwa ndalama pakokha sikuthetsa vuto. Mu 2021 United States inapatula madola 42.45 biliyoni pa ndondomeko yotchedwa BEAD yofikitsa intaneti yothamanga kumadera otsalira, koma patadutsa zaka zitatu ntchito yambiri inali idakali pa mapepala, akukonza mapu ndi kuvomereza mapulani a chigawo chilichonse. Nthawi yomweyo ndondomeko ina, yomwe inkachotserako mabanja osauka madola 30 pa bilu ya mwezi ndipo inkathandiza mabanja pafupifupi 23 miliyoni, inatha mu 2024 ndalama zake zitauma. Kumanga nthambo n'kusiya anthu osakwanitsa kulipira ndi kugwira theka la ntchito.

Finland inadzera njira ya lamulo. Kuyambira Julaye 2010, munthu aliyense m'dzikolo anakhala ndi ufulu wolumikizidwa ku intaneti ya liwiro losachepera 1 Mbps pakhomo pake, kaya akhale kutali motani. Ku Peru kunabadwa kampani ya Internet para Todos mu 2019, yomwe inayambitsidwa ndi kampani ya mafoni ya Telefónica, Facebook ndi mabanki awiri a chitukuko. Iyo imamanga nsanja kumidzi n'kulola makampani a mafoni kuzibwereka, kuti pasakhale nsanja zitatu zopikisana pa mudzi womwe sungadyetse ngakhale imodzi. Kwa ine njira yogawana nsanjayi ndi imodzi mwa zanzeru kwambiri, chifukwa imalimbana ndi masamu aja mwachindunji.

Za mumlengalenga

Nthawi ndi nthawi kumabwera lonjezo loti zonsezi zithetsedwa kuchokera kumwamba. Masetilaiti akale a mauthenga amakhala pa mtunda wa makilomita 35,786 kuchokera pansi. Uthenga ukamapita ndi kubwera mtunda wotere umachedwa ndi nthawi yoposa theka la sekondi, zomwe zimamveka ndithu mukamalankhulana pa kanema. Starlink, ya kampani ya SpaceX, inayamba kutumiza masetilaiti ake ambirimbiri mu 2019 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550, ndipo kuchedwako kunatsika kwambiri. Ku Africa inayambira ku Nigeria mu 2023. Kwa famu yakutali, chipatala cha kumudzi kapena sitima ya panyanja, kusinthaku n'kwenikweni, sitingakane.

Koma setilaiti imathetsa vuto la mtunda lokha. Mbale yake ndi yodula, imafuna magetsi okhazikika, ndipo bilu ya mwezi ndi yoti banja lomwe likulephera kugula foni yamakono silingaiyandikire. Komwe imathandiza anthu wamba ndi pomwe mbale imodzi ikudyetsa nsanja ya mafoni, sukulu kapena malo omwe anthu ambiri akugawana intaneti. Zoyesa zina zinagwa m'njira. Loon, ya kampani yomwe ili mwini wa Google, inkaulutsa zibaluni zonyamula makina a netiweki ndipo inagwirako ntchito ku Kenya mu 2020, koma inatsekedwa mu 2021 chifukwa sinapeze njira yotsitsira mtengo kuti bizinesiyo iziime payokha. Facebook inayesa kupereka masamba ochepa osankhidwa kwaulere kudzera mu Free Basics, ndipo India inaletsa zimenezi mu Febuluwale 2016, pokana kuti kampani imodzi izisankhira osauka mbali ya intaneti yomwe angaone.

Anthu akatopa kudikira

Kumadera ena anthu anaganiza zodzimangira okha, ndipo nkhani zawo zimaonetsa kuti mtengo womwe kampani imawerengera si wokhawo womwe ungatheke. Kumidzi ya Lancashire ku England, bungwe la B4RN linayamba mu 2011. Alimi analola kuti faiba idutse m'minda yawo osalipiritsa, anthu anadzipereka kukumba ngalande, ena ndi mathirakitala awo, ndipo midzi yomwe makampani akuluakulu anaikana inapeza intaneti ya 1,000 Mbps, yothamanga kuposa ya anthu ambiri a m'mizinda ya dzikolo pa nthawiyo. Kukumba ndi chilolezo chodutsa, zinthu ziwiri zomwe zimadya ndalama zambiri, anazipeza pafupifupi kwaulere chifukwa eni malo ndi omwenso anali eni netiweki. Ku Catalonia, m'dziko la Spain, netiweki ya guifi.net inayamba mu 2004 m'dera la alimi ndipo inakula mpaka kulumikiza malo masauzande ambirimbiri.

Ku Mexico, anthu a mudzi wa Talea de Castro, kumapiri a Oaxaca, anakhazikitsa netiweki yawoyawo ya mafoni mu 2013 mothandizidwa ndi bungwe la Rhizomatica, makampani atakana kubwera. Chofunika kwambiri pa nkhani yawo ndi chomwe chinatsatira: boma linapatula gawo la mafunde kuti lizigwiritsidwa ntchito ndi midzi yotere, ndipo mu 2016 bungwe la midziyo linalandira chiphaso chovomerezeka. Ku Mankosi, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, netiweki ya Zenzeleni inayamba mu 2012 mogwirizana ndi yunivesite ya Western Cape, ikuyendera magetsi a dzuwa ndipo eni ake ndi kopaletivu ya anthu a m'deralo.

Tisakometse nkhanizi mopitirira. Netiweki zambiri za mtunduwu zimadalira munthu mmodzi kapena awiri odziwa makina, ndipo iwo akasamukira ku tauni zinthu zimaima. Zina zimafa thandizo la mabungwe akunja likatha. B4RN inatheka chifukwa m'midzi imeneyo munali anthu okhala ndi ndalama zogulira masheya ndi nthawi yogwira ntchito yongodzipereka, zomwe si mudzi uliwonse uli nazo. Ndipo n'zosayenera kuti wakumudzi azikumba yekha ngalande pomwe wa m'tauni amangoimba foni n'kulumikizidwa. Komabe chomwe chimalepheretsa midzi yambiri kuyesa si umphawi wokha. M'mayiko ambiri malamulo analembedwa poganizira makampani akuluakulu basi, kotero kagulu ka anthu kofuna kutumikira midzi itatu kamafunsidwa chiphaso, malipiro ndi mapepala ofanana ndi a kampani yotumikira dziko lonse.

Mtengo wokhala kunja ukukwera

Zaka makumi awiri zapitazo munthu wopanda intaneti sankaphonya zambiri, chifukwa chilichonse chinali ndi njira ina: fomu ya pepala, ofesi yopitako, nthambi ya banki. Njira zimenezo zikutsekedwa imodziimodzi. Ntchito zikulengezedwa pa intaneti, malo a ku koleji akufunsiridwa pa intaneti, ziphaso, misonkho ndi thandizo la boma n'chimodzimodzi. Zikatero wa m'tauni zimamupepukira, pomwe wakumudzi amalipira ulendo kupita komwe kuli netiweki, kapena kulipira munthu woti amudzazire fomu, n'kumuululira zinsinsi zake zonse.

Mliri wa Covid-19 unaika zimenezi poyera. Sukulu zitatsekedwa mu 2020, UNICEF inapeza kuti ana osachepera 463 miliyoni analibe njira iliyonse yophunzirira ali kunyumba, kaya pa intaneti, pa kanema kapena pa wailesi, ndipo ambiri mwa iwo anali akumudzi ndi a m'mabanja osauka. Kumapeto kwa chaka chomwecho UNICEF ndi ITU ananena kuti ana 1.3 biliyoni a zaka zapakati pa 3 ndi 17 analibe intaneti kunyumba kwawo.

Chomwe chikubwera tsopano ndi kuzimitsidwa kwa netiweki zakale. Makampani akufuna kutseka 2G ndi 3G kuti mafunde ake awagwiritse ntchito pa 4G ndi 5G, ndipo ku mbali ya luso zimenezi n'zomveka. Makampani akuluakulu a ku United States anatseka 3G mu 2022, a ku Australia anamaliza mu 2024. Ku Australia alimi ena a kumadera akutali anadandaula kuti malo omwe kale ankagwirako netiweki, ngakhale movutikira, anasanduka opanda kanthu, ndipo ambiri mwa malowo pa mapu a makampani sankaonekapo n'kale lomwe, kotero panalibe lonjezo loti abwezeretsedwa. M'mayiko osauka nkhaniyi idzakhala yolemera kwambiri, chifukwa kumeneko mamiliyoni a anthu akumudzi amalandira ndi kutumiza ndalama pa foni ya mabatani yodalira 2G. Boma lomwe lidzavomereze tsiku lozimitsa lisanawerenge kuti mafoni oterewa atsala angati m'manja mwa anthu, ndi kuti eni ake adzagula bwanji ena, lidzachotsa pa netiweki anthu omwe analipo kale.